Akatswiri a Makompyuta Amene Adakana Kuthandiza Boma Kusaka Obwera ku America

Ntchito yolondera malire a dziko, yomwe kale inkadalira msilikali woima pachipata ndi kalaliki wodinda chidindo papasipoti, masiku ano mbali yake yaikulu imachitikira mkati mwa makompyuta, chifukwa boma lofuna kugwira munthu wokhala m'dziko popanda chilolezo liyenera liyambe ladziwa dzina lake, komwe amagona, komwe amagwira ntchito, galimoto yomwe amayendera ndiponso abale amene amalankhula nawo pafoni. Ku United States of America, komwe akafukufuku amati kuli anthu oposa 11 miliyoni opanda zikalata zowaloleza kukhala m'dzikolo, boma silidzipangira lokha zida zosonkhanitsira ndi kusanthula zinthu zoterezi, koma limazigula kapena kuzichita lendi kwa makampani monga Microsoft, Amazon, Salesforce ndi Palantir. Kugulitsana kumeneku ndiko kudabutsa mkangano wachilendo m'chaka cha 2018, pamene antchito a makampaniwa, anthu olandira malipiro omwe ambiri padziko lapansi amangowalota, adayamba kulembera mabwana awo zikalata za madandaulo, kunyanyala ntchito ngakhalenso kuisiya kumene, osati chifukwa cha malipiro kapena maola ogwirira ntchito, koma chifukwa chokana kuti luso lawo lithandize kulekanitsa ana ndi makolo awo.

Nthambi ziwiri za boma ndizo zili pakati pa nkhaniyi, ndipo zonse zidakhazikitsidwa mu 2003 pansi pa unduna woona za chitetezo cha m'dziko, womwe udapangidwa zigawenga zitaphulitsa nyumba zazitali ku New York pa 11 Sepitembala 2001. Yoyamba ndi CBP, yomwe imalondera malire, madoko ndi mabwalo a ndege, ndipo yachiwiri ndi ICE, yomwe imagwira ntchito mkati mwa dziko. Nthambi ya ICE nayonso ili ndi manja awiri. Dzanja lina, lotchedwa ERO, ndilo limagwira, kusunga m'ndende ndi kubweza kwawo anthu opanda zikalata, pomwe linalo, lotchedwa HSI, limafufuza milandu ikuluikulu yodutsa malire, monga kuzembetsa anthu, mankhwala ozunguza bongo ndi zithunzi zolaula za ana. Kusiyana kwa manja awiriwa nkofunika kukusunga m'mutu, popeza ndiko makampani ena adabisalamo pamene mafunso adawachulukira.

Mu Epulo 2018, Jeff Sessions, yemwe panthawiyo adali mkulu wa zamalamulo m'boma la Donald Trump, adalamula kuti munthu wamkulu aliyense wodutsa malire a Mexico mosaloledwa aziimbidwa mlandu m'khoti, popanda kuchitira chifundo aliyense. Lamuloli silidatchule poyera kuti mabanja alekanitsidwe, koma kulekanako kudali chipatso chodziwikiratu, chifukwa kholo loimbidwa mlandu limatsekeredwa m'ndende ya akuluakulu momwe mwana saloledwa kukhala, ndipo mwanayo ankalembedwa m'kaundula ngati wobwera yekha n'kuperekedwa ku unduna wa zaumoyo, womwe unkamutumiza kumalo osungirako ana, nthawi zina mtunda wa makilomita zikwizikwi kuchokera komwe kuli kholo lake. Ambiri mwa mabanjawa ankachokera ku Guatemala, Honduras ndi El Salvador, ndipo ena ankabwera kudzapempha malo othawirako, chinthu chomwe malamulo a dzikolo amaloleza. M'masabata asanu okha, kuyambira kumayambiriro kwa Meyi mpaka pa 9 Juni, ana oposa 2,300 adachotsedwa m'manja mwa makolo awo, ndipo bungwe lomenyera ufulu la ACLU, lomwe lidatengera nkhaniyi kukhoti, lidadzawerenga ana oposa 5,000 litaphatikiza omwe adalekanitsidwa mwakachetechete kuyambira 2017. Pa 18 Juni atolankhani a ProPublica adaulutsa mawu ojambulidwa a ana akulira, akuitana makolo awo m'malo ena osungiramo anthu a CBP, ndipo dziko lonse lidagwedezeka kotero kuti pa 20 Juni Trump adasainira chikalata choimitsa mchitidwewo, kenako pa 26 Juni woweruza Dana Sabraw adalamula boma kuti libweze anawo kwa makolo awo.

M'masiku omwewo anthu adakumbukira kuti mu Januwale chaka chomwecho kampani ya Microsoft idalengeza monyadira kuti ikugwira ntchito ndi ICE kudzera mu Azure, womwe ndi mtundu wa ntchito yotchedwa cloud, kutanthauza kuti kasitomala sagula makompyuta akeake koma amasunga zinthu zake ndi kuyendetsera mapulogalamu ake m'makompyuta akuluakulu a kampani, omwe amawafikira kudzera pa intaneti. Chilengezocho chidatchulanso kuti ntchitoyi ikhoza kufulumizitsa kuzindikira anthu poona nkhope zawo. Pa 19 Juni antchito oposa 100, omwe m'masiku ochepa adapitirira 300, adasainira kalata yopita kwa mkulu wa kampaniyo, Satya Nadella, yopempha zinthu zitatu, zomwe ndi kuthetsa kontrakiti ya madola 19.4 miliyoni ndi ICE, kulemba lamulo la kampani loletsa kugwira ntchito ndi makasitomala ophwanya malamulo a ufulu wa anthu, ndiponso kuti makontrakiti onse a kampaniyo ndi maboma azidziwika poyera ndi kumaunikidwa. Nadella, yemwe nayenso ndi wobwera, wobadwira ku Hyderabad m'dziko la India, adadzudzula kulekanitsa mabanja kuti ndi nkhanza, koma kontrakitiyo sadaithetse, ponena kuti Microsoft imangothandiza ICE pa makalata a pakompyuta, kalendala, mauthenga ndi kusunga zikalata.

Kulimba mtima kwa antchitowa sikudangotumphuka. Mu Disembala 2016 akatswiri a makompyuta oposa 2,800 adali atalumbira poyera kuti sadzathandiza kupanga kaundula wa Asilamu kapena wa anthu oti athamangitsidwe m'dziko mwachigulu, ndipo pochita zimenezi adakumbutsa mbiri ya kampani ya IBM, yomwe makina ake owerengera anthu adagwiritsidwa ntchito ndi boma la Nazi ku Germany. Komanso kumayambiriro kwa Juni 2018 antchito a Google adali atangopambana kumene pa nkhani ya Project Maven, ntchito ya asilikali yophunzitsa kompyuta kuzindikira zinthu m'zithunzi zojambulidwa ndi ndege zopanda woyendetsa, pamene kampaniyo, itaona kuti antchito oposa 3,000 asainira chikalata ndipo ena asiya ntchito, idalengeza kuti kontrakitiyo ikatha sidzaiwonjezera. Motero moto udafalikira msanga. Ku Amazon antchito adapempha Jeff Bezos kuti aleke kugulitsa kwa apolisi pulogalamu yozindikira nkhope ya Rekognition ndi kuti achotse Palantir pamakompyuta a kampaniyo, ndipo ku Salesforce antchito oposa 650 adapempha Marc Benioff kuti aganizenso za kontrakiti yake ndi CBP. Benioff adakana ponena kuti pulogalamu yake imathandiza CBP polemba anthu ntchito ndi kuyankha makalata basi, ndipo m'malo mwake kampaniyo idalonjeza ndalama zothandizira mabanja okhudzidwa, koma bungwe la ku Texas la RAICES, lomwe limaimira obwera m'makhoti, lidakana kulandira madola 250,000 a Salesforce pokhapokha kontrakitiyo itathetsedwa.

Yankho lakuti kampani imangogwira mbali yopanda vuto ndilo liyenera kuunikidwa mofatsa kuposa ena onse, chifukwa limamveka lanzeru pomwe lili ndi mphako yaikulu. Ntchito yogwira anthu zikwizikwi, kuwasunga ndi kuwakweza ndege siitheka popanda makalata olamula, kalendala ya maulendo, kaundula wa mabedi a m'ndende ndi antchito atsopano olembedwa chaka ndi chaka, kotero kuti amene amayendetsa zinthu zimenezi sanganene kuti ali kutali ndi ntchitoyo chifukwa chakuti sadagwire unyolo m'manja. Nkhani ya Palantir, kampani yomwe ena mwa oiyambitsa ndi Peter Thiel ndi Alex Karp, idaonetsa poyera kufooka kwa yankholi. Mu 2014 kampaniyi idapatsidwa kontrakiti ya madola pafupifupi 41 miliyoni kuti ipangire ICE pulogalamu yotchedwa ICM, yomwe imalumikiza nkhokwe zosiyanasiyana za boma zosungiramo mbiri za anthu, kuti wofufuza akalemba dzina limodzi aone pamodzi abale a munthuyo, maulendo ake, ntchito yake ndi milandu yake. Palantir inkanenetsa kuti imagwira ntchito ndi HSI yokha, yosaka zigawenga, osati ERO yothamangitsa anthu. Koma mu Meyi 2019 zikalata za boma zomwe mabungwe adazipeza pogwiritsa ntchito lamulo la ufulu wopeza nkhani zidasonyeza kuti ICM idagwiritsidwa ntchito mu 2017 pa ntchito yofufuza makolo ndi abale a ana omwe adadutsa malire okha, ndipo anthu 443 adamangidwa. Pa 7 Ogasiti 2019, HSI yomweyo ndiyo idatsogolera kuzinga mafakitale ophera ndi kukonza nkhuku m'chigawo cha Mississippi, komwe anthu pafupifupi 680 adagwidwa tsiku limodzi, ana awo ena n'kuweruka kusukulu osapeza aliyense pakhomo. Mzere womwe kampani idajambula pakati pa dzanja loyera ndi dzanja lodetsedwa udali papepala la kontrakiti, koma m'ntchito yeniyeni sunkaoneka.

Anthu ena amayerekeza wopanga mapulogalamu ndi wosula, yemwe sangaimbidwe mlandu chifukwa chakuti nkhwangwa yomwe adasula idadzatema munthu m'malo mwa mtengo. Fanizoli likadakhala loona kukadakhala kuti ubale wa wopanga ndi wogula umathera pamsika, koma pulogalamu ya masiku ano siigulitsidwa kamodzi n'kuiwalika, popeza imakhala m'makompyuta a kampani, imakonzedwa mlungu ndi mlungu, imawonjezeredwa mphamvu malinga ndi zomwe kasitomala wapempha, ndipo nthawi zina mainjiniya a kampani amakagwirira ntchito m'maofesi a kasitomalayo. Wosula wa mtundu umenewu amanola nkhwangwa m'mawa uliwonse akudziwa komwe ikupita, ndipo udindo wake sungakhale wofanana ndi wa uja adagulitsa n'kutembenuka.

Komabe mbali inayo ili ndi mfundo zolemera zomwe munthu woona mtima sangazilumphe. Mu Sepitembala 2019 Alex Karp adalemba m'nyuzipepala ya Washington Post kuti malamulo a dziko ayenera kupangidwa ndi anthu osankhidwa pachisankho ndi kuunikidwa ndi makhoti, osati ndi kagulu ka mainjiniya a ku Silicon Valley omwe palibe adawavotera, ndipo mfundoyi ili ndi mphamvu, chifukwa dziko lililonse lili ndi ufulu wolondera malire ake, ndiponso sichinthu chosangalatsa kuti makampani ochepa olemera azisankha malamulo omwe boma lingathe kuwatsata ndi omwe lingalephere. Nzoonanso kuti HSI imagwira anthu ozembetsa anzawo ndi ogwirira ana, ndipo kuilanda zida kungapweteke anthu osalakwa. Chodabwitsa kwambiri nchakuti mu Novembala 2019 ofesi ya mkulu wofufuza kayendetsedwe ka unduna woona za chitetezo cha m'dziko idapeza kuti chimodzi mwa zifukwa zomwe ana ambiri adavutira kubwezedwa kwa makolo awo chidali chakuti boma lidalibe makina abwino olembera kuti mwana uyu ndi wa kholo ili, kutanthauza kuti pamenepa kusowa kwa luso la makompyuta, osati kuchuluka kwake, ndiko kudakulitsa chilonda. Palinso funso lomwe antchito odandaulawo sadaliyankhe mokwanira, lakuti adali kuti m'nthawi ya Barack Obama, pamene kontrakiti ya ICM idasainidwa ndipo anthu pafupifupi 400,000 ankabwezedwa kwawo m'chaka chimodzi. Chikumbumtima chomwe chimadzuka pokhapokha pampando pakakhala mtsogoleri yemwe munthu samukonda chimapereka mpata kwa otsutsa kunena kuti nkhaniyo ndi ya chipani chabe.

Ngakhale zili choncho, mfundo ya Karp imasakaniza zinthu ziwiri zosiyana, zomwe ndi kulamulira boma ndi kukana kuligwirira ntchito. Injiniya wokana kulemba pulogalamu sasintha lamulo ngakhale limodzi, sachotsa pampando aliyense, ndipo boma limakhalabe ndi ufulu wokafuna wina, kotero kuti chomwe iye wachita nchofanana ndi chomwe loya amachita pokana mlandu kapena dokotala pokana kutenga nawo mbali pa kupha wandende woweruzidwa kuti aphedwe. Makampani nawonso amasankha makasitomala tsiku ndi tsiku, ndipo amawononga ndalama zambiri pokopa aphungu kuti malamulo awakomere, choncho sangadzitche osalowerera ndale pokhapokha antchito awo akafunsa mafunso. Koma chachikulu kuposa zonsezi nchakuti ulamuliro wa anthu umene Karp amaudalira umafuna kuti anthuwo adziwe zomwe zikuchitika m'dzina lawo, pomwe zambiri za ntchitoyi zidakula mumdima. Kafukufuku wa sukulu ya zamalamulo ya Georgetown yemwe adatuluka mu 2022 adapeza kuti pakati pa 2008 ndi 2021 ICE idagwiritsa ntchito madola pafupifupi 2.8 biliyoni pa zida zolondalonda anthu, kuti idafufuza ndi makina ozindikira nkhope zithunzi za ziphaso zoyendetsera galimoto za munthu wamkulu mmodzi mwa atatu alionse m'dzikolo, ndiponso kuti inkatha kupeza komwe anthu akuluakulu atatu mwa anayi alionse amakhala pogwiritsa ntchito mabilu a magetsi, madzi ndi foni omwe idawapeza kudzera kwa makampani ogulitsa mbiri za anthu. Ukonde waukulu chotere, womwe umakola nzika ndi obwera omwe, sudayambe wakambidwapo mokwanira m'nyumba ya malamulo, ndipo anthu oyamba kudziwa kukula kwake ndi omwe amauluka.

Zimenezi si zachilendo kwa anthu a kumwera kwa Africa, ndipo chitsanzo chabwino kwambiri cha antchito otere chimakhudza dera lino. Mu 1970 antchito awiri akuda a kampani ya Polaroid ku Cambridge m'chigawo cha Massachusetts, Caroline Hunter yemwe adali katswiri wa zamankhwala ndi Ken Williams yemwe adali wojambula zithunzi, adatulukira kuti makamera ndi mafilimu a kampani yawo ankagwiritsidwa ntchito pojambula zithunzi za mapasi ku South Africa, zitupa zomwe munthu wakuda aliyense ankakakamizidwa kuyenda nazo, zomwe zidachititsa zionetsero za ku Sharpeville komwe apolisi adapha anthu 69 mu 1960, ndipo zomwe kulemera kwake amuna a ku Malawi ndi Mozambique opita ku Joni ankakudziwa bwino. Awiriwa adayambitsa gulu la antchito lofuna kuti Polaroid ichoke m'dziko la tsankholo, ndipo yankho la kampaniyo lidali lofanana modabwitsa ndi lomwe lidadzamveka mu 2018, popeza idati malonda ake kumeneko ndi ochepa, kuti ileka kugulitsa kuboma mwachindunji, ndiponso kuti ipereka ndalama zothandizira maphunziro a anthu akuda. Hunter adachotsedwa ntchito mu 1971. Padapita zaka zisanu ndi chimodzi, ndipo mu 1977 zidaululika kuti kampani ya Frank and Hirsch, yomwe inkagulitsa katundu wa Polaroid ku South Africa, inkaperekabe mafilimu kuboma mobisa, zomwe zidachititsa Polaroid kuchokeratu m'dzikolo. Amene adaulula chinsinsicho adalinso wantchito wamba wa mkati mwa Frank and Hirsch, yemwe adaona chikalata cha malonda n'kuzindikira tanthauzo lake.

Poyerekeza ndi zimenezi, zomwe antchito a 2018 ndi 2019 adapindula pa makontrakiti enieniwo zidali zochepa. Microsoft, Amazon, Salesforce ndi Palantir onse adapitiriza ntchito zawo ndi boma. Kampani ya GitHub, komwe akatswiri amasunga ndi kugawana mapulogalamu, idawonjezera kontrakiti yake ya madola 200,000 ndi ICE mu 2019 n'kulonjeza kupereka madola 500,000 kwa mabungwe othandiza obwera, ndipo antchito angapo adasiya ntchito pokana kuti mphatso ifafanize funso. Komwe zinthu zidasintha kudali kukampani yaing'ono ya Chef, pamene mu Sepitembala 2019 Seth Vargo, yemwe adagwirapo ntchito kumeneko, adamva za kontrakiti ya madola pafupifupi 95,000 ndi ICE n'kuchotsa pa intaneti tizigawo ta pulogalamu tomwe adalemba yekha ndi kupereka kwaulere, koma tomwe makasitomala a Chef ankadalira. Ntchito za makasitomala ena zidaima kwa kanthawi, ndipo mkulu wa kampaniyo, Barry Crist, atayamba wateteza kontrakitiyo, patangopita masiku ochepa adalengeza kuti sadzaiwonjezera. Apa padaoneka kuti kalata yokhala ndi masiginecha mazana imatha kuyankhidwa ndi mawu okoma, koma ntchito ikaima mabwana amakhala pansi.

Mtengo wa kuyankhula udagwera antchito eni ake. Lamulo la ntchito la 1935 ku America limateteza antchito ochitira pamodzi zinthu zokhudza malipiro ndi kagwiridwe ka ntchito, koma silinena momveka kuti limatetezanso odandaula za kasitomala yemwe kampani yasankha, ndipo m'zigawo pafupifupi zonse bwana ali ndi ufulu wochotsa wantchito popanda kupereka chifukwa. Mu Novembala 2019 Google idachotsa antchito anayi, ena mwa iwo omwe adatsogolera chikalata chokana kuti kampaniyo ipikisane nawo pa kontrakiti ya CBP, ndipo idati adaphwanya malamulo a kasungidwe ka zinsinsi za kampani poona zikalata zosakhudza ntchito yawo, pomwe iwo adati adachotsedwa chifukwa chosonkhanitsa anzawo. Bwalo loona za antchito lidatsegula mlandu, koma nkhaniyo idathera kunja kwa khoti mu 2022, kotero funso la lamulolo lidatsala losayankhidwa. Vuto lina, lomwe silitchulidwa kawirikawiri, nlakuti akatswiri ambiri a makampaniwa nawonso ndi obwera, okhala m'dzikolo pa viza ya H-1B yomangiriridwa kwa bwana wawo, ndipo wochotsedwa ntchito amakhala ndi masiku 60 okha kuti apeze ina kapena alongedze katundu. Anthu amenewa amadziwa kuposa wina aliyense kuti chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe, komabe ndi omwe sangayerekeze kusainira kalata iliyonse.

Kuyambira 2022 mphepo idatembenuka. Makampani a zamakompyuta adachotsa antchito zikwi zambirimbiri, ndipo mphamvu ya injiniya, yomwe idagona pa mfundo yakuti akachoka pano mawa alembedwa pena, idachepa kwambiri. Mu Epulo 2024 Google idachotsa antchito 28 nthawi imodzi, kenako ena, chifukwa chokhala pansi m'maofesi potsutsa Project Nimbus, kontrakiti ya madola 1.2 biliyoni yomwe Google ndi Amazon ali nayo ndi boma la Israel, ndipo mu Febuluwale 2025 kampaniyo idafufuta m'mfundo zake lonjezo lomwe idapanga itatha nkhani ya Maven, lakuti sidzapanga nzeru za makina zothandizira zida zankhondo kapena kulondalonda anthu. Trump atabwerera pampando, ICE idapatsa Palantir madola 30 miliyoni mu Epulo 2025 kuti ipange pulogalamu yotchedwa ImmigrationOS, yomwe cholinga chake cholembedwa poyera nkuthandiza kusankha anthu oti ayambe kugwidwa, kuphatikizapo opitirira masiku a viza zawo, ndi kufulumizitsa kuwabweza kwawo, ndipo mu Julaye chaka chomwecho nyumba ya malamulo idavomereza kuti ICE ilandire madola pafupifupi 75 biliyoni owonjezera m'zaka zinayi. Nthawi ino palibenso amene akuvutika kunena kuti akuthandiza dzanja lofufuza zigawenga lokha.

Wowerenga wa ku Lilongwe kapena ku Chipata asaganize kuti makina amenewa ali kutali naye. Pa 20 Ogasiti 2025 boma la America lidayamba kuyesa njira yofuna kuti opempha viza ya ulendo kapena ya malonda azipereka chikole cha madola 5,000, 10,000 kapena 15,000, ndipo maiko awiri oyamba kusankhidwa adali Malawi ndi Zambia. Chikolecho chimabwezedwa ngati kaundula wasonyeza kuti mlendoyo adatuluka m'nthawi yake, ndipo nchifukwa chake apaulendowo adauzidwa kuti azilowa ndi kutulukira pamabwalo a ndege osankhidwa. Ndalama zomwe banja lagulitsira munda kapena nyumba zimadalira mzere umodzi wolembedwa m'kompyuta, ndipo mzerewo ukalakwika, mwini wake alibe njira yapafupi yodziwira kuti walakwika pati. Kufupi ndi kwathu, Amalawi ambiri amadziwa dzina la Lindela, malo a ku Krugersdorp komwe South Africa imasunga obwera asanawabweze kwawo, omwe kwa zaka zoposa 20 adayendetsedwa ndi kampani ya Bosasa, yomwe idadzatchuka pa umboni wa ziphuphu pamaso pa komishoni ya Zondo, ndipo mu 2014 khoti lidagamula kuti kusunga anthu kumeneko kupitirira masiku 120 nkuphwanya lamulo. Paliponse pomwe boma lapereka gawo la mphamvu zake zogwira anthu kwa kampani yofuna phindu, wogwidwayo, yemwe savota ndipo kawirikawiri alibe loya, amatsala ndi mboni zochepa, ndipo zina mwa mbonizo ndi antchito a kampaniyo.

Pachifukwa chimenechi pempho lachitatu la m'kalata ya antchito a Microsoft, lomwe atolankhani sadalilabadire kwambiri, ndilo lidali lolemera kuposa loyamba lija lofuna kuthetsa kontrakiti. Anthu angathe kusiyana maganizo moona mtima pa funso lakuti ndani ayenera kubwezedwa kwawo ndiponso mwa njira yanji, koma nkovuta kupeza chifukwa chabwino choti injiniya asauzidwe kuti pulogalamu yomwe akulemba ikupita kunthambi iti ya boma ndipo ikukagwira ntchito yanji, kapena choti achotsedwe ntchito chifukwa chofunsa. Antchito ambiri a makampaniwa adamva za makontrakiti a mabwana awo kuchokera kwa atolankhani ndi mabungwe monga Mijente, lomwe lidafukula zikalata zogulira katundu za boma pa kampeni yake yotsutsa kugwiritsa ntchito luso la makompyuta pothamangitsa obwera, ndipo pena kontrakitiyo inkadutsa kwa kampani yachitatu yogulitsa m'malo mwa eni ake, monga zidalili ndi Chef, kotero kuti ngakhale mkati mwa kampani ndi ochepa omwe ankadziwa. Makampani akuluakuluwo sadavomere pempho lakuti antchito azikhala ndi mawu pounika makontrakiti a boma, ndipo ena, monga Google, adachepetsa zikalata zamkati zomwe wantchito amaloledwa kuona, zomwe zikutanthauza kuti injiniya wa lero amadziwa zochepa za komwe ntchito yake ikupita kuposa mnzake wa mu 2018.